Mmene timadziwira kuti h wa Chijapani anali p

Palibe amene anajambula mawu a Mjapani wa m'zaka za m'ma 700, komabe akatswiri a zilankhulo amagwirizana kuti duwa, lomwe lero ndi hana, kale linkatchulidwa pana. Umboni wake umachokera m'malo angapo osadalirana.

Malo oyamba ndi Chijapani cha lero chomwechi. Mawu awiri akalumikizidwa, liwu loyamba la mawu achiwiri nthawi zambiri limalemera: k amasanduka g, t amasanduka d. Koma h amasanduka b. Hana amakhala ikebana (luso loyika maluwa mokongola), hito (munthu) amakhala hitobito (anthu). Tayesani kutchula h ndi b motsatizana: wina amatulukira kukhosi, mnzake pamilomo. Mnzake weniweni wa b ndi p, choncho h ameneyu kale anali p. N'chifukwa chakenso dzina la dzikolo lili pawiri, Nihon ndi Nippon. Katswiri wa zilankhulo wa ku Japan, Ueda Kazutoshi, anafotokoza mfundo ya p imeneyi m'chaka cha 1898.

Mabuku akale, Kojiki wa 712 ndi ndakatulo za Man'yōshū, ankabwereka zilembo za Chitchaina chifukwa cha kamvekedwe kake, osati tanthauzo. Polemba chomwe lero ndi ha ankasankha zilembo ngati 波, chomwe m'Chitchaina cha nthawiyo chinkayamba ndi p. Apa ambiri amaphonya, chifukwa amawerenga chilembocho m'katchulidwe ka ku Beijing ka lero pomwe chofunika ndi ka nthawi imene chinabwerekedwa. Komanso mawu a Chitchaina oyamba ndi liwu lakukhosi ankalowa m'Chijapani ndi k, chifukwa h kunalibe. Han, dzina la mtundu wa Atchaina, anakhala kan, monga m'mawu oti kanji (zilembo za Chitchaina).

P sanalumphire ku h tsiku limodzi. Anayamba wafewa n'kukhala f wouzira pakati pa milomo iwiri. Ndagi ina yolembedwa mu 1516 imafunsa chinthu chimene chimakumana kawiri kwa mayi koma kwa bambo ayi. Yankho ndi milomo. Munthu akatchula haha (mayi) monga lero, milomo sigundana n'komwe ndipo ndagiyo imafa. Imamveka pokhapokha mawuwo ali fafa. Ansembe a Chijezuiti, m'dikishonale yawo ya Chijapani ndi Chipwitikizi yosindikizidwa ku Nagasaki mu 1603, analembadi fafa, fana, fito. Kuzilumba za Miyako ndi Yaeyama, kumwera kwenikweni, p wakaleyo akadalipo: amati pana.

Pofufuza kumene mawu anachokera, msampha waukulu ndi kufanana kwa kamvekedwe ka lero. Kami amatanthauza mulungu, kami amatanthauzanso kumwamba, ndiye n'kosavuta kunena kuti ndi mawu amodzi. Koma katswiri wina, Hashimoto Shinkichi, anaonetsa mu 1917 kuti alembi a m'ma 700 anali ndi magulu awiri a zilembo polemba maphatikizo ena monga ki, mi ndi ko, ndipo sankawasakaniza. Mi wa mulungu ali m'gulu lina, mi wa kumwamba ali m'linzake. Maliwu awiriwa anadzafanana pambuyo pake. Tsinde lakale la mulungu limaonekera m'mawu ophatikizana, kamu-, monga kamukaze (mphepo ya mulungu), amene anadzakhala kamikaze. Momwemonso sake (mowa) amabisa saka-, yemwe timamupeza mu sakazuki, kachikho komwera mowawo.