Zoti insulin ndi amene amapha maso ndi impso, bodza limenelo

Pa WhatsApp pakuyenda nkhani yoti munthu wa shuga akangoyamba kubaya insulin basi kwake kwatha, maso afa, impso zisiya, kenako mwendo audula. Ayi abale sichoncho.

Shuga amaononga timitsempha ta m'maso, impso ndi mapazi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu osamva kalikonse, ndiye ambiri amafika pa insulin mochedwa zinthu zitaonongeka kale, maso akayamba kuvuta anthu nkumaloza jakisoni poti ndi amene wabwera komaliza.

Akatswiri anaziwerengera izi. Ku UK kafukufuku wa UKPDS anatsatira anthu oposa 5,000 a shuga wa type 2 (mtundu umene umakonda kugwira akuluakulu) kuyambira 1977 mpaka 1997, anapeza kuti HbA1c, muyezo wa shuga wa miyezi itatu uja, ikatsika ndi 1% chiopsezo cha mavuto a timitsemphati chimatsika ndi 37%. Pa kafukufuku wina wa DCCT mu 1993, a shuga wa type 1 (mtundu umene thupi limasiya kupanga insulin) omwe ankabaya insulin pafupipafupi, chiopsezo choti ayambe vuto la maso chinatsika ndi 76%.

Chilipo chimodzi choona, shuga akatsika mofulumira kwambiri maso omwe anali ataonongeka kale amatha kuvutako kwa kanthawi, nchifukwa adokotala amati kapimitseni maso poyamba.