Laurier akusamuka pa ndalama ya madola 5, koma nkhani yake ili mu 1917

Mu Disembala 2024 boma la Canada linalengeza kuti nkhope ya Terry Fox, wothamanga amene anatolera ndalama zofufuzira matenda a khansa, idzaikidwa pa ndalama ya madola 5, ndipo Wilfrid Laurier adzasamukira pa ya madola 50. Laurier, wobadwa mu 1841 ku Saint-Lin ku Quebec, chigawo cha anthu olankhula Chifalansa, anali nduna yaikulu yoyamba yolankhula Chifalansa, kuyambira 1896 mpaka 1911. Ulamuliro wake sunali wopanda banga: ndi boma lake limene linakweza msonkho wa Matchaina olowa m'dzikolo kufika madola 500.

Koma pofuna kumudziwa bwino, tione chaka cha 1917, ali kumbali yotsutsa, nkhalamba ya zaka 75. Mu Epulo, asilikali a Canada oposa 10,000 anaphedwa kapena kuvulala ku Vimy Ridge, ku France, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo odzipereka kupita kunkhondo anali atachepa. Nduna yaikulu Robert Borden itabwerako ku Ulaya inati amuna azilembedwa usilikali mokakamiza, n'kupempha Laurier kuti apange boma limodzi. Laurier anakana, nati anthu afunsidwe kaye kudzera m'voti. Aphungu ake ambiri olankhula Chingerezi anamuthawa.

Anakaniranji? O. D. Skelton, yemwe analemba mbiri ya moyo wake, amamuonetsa ngati munthu woima pa mfundo, kungoti Skelton anali womukonda kwambiri. Ena amati ankaopa kuti akavomera, Quebec yonse igwera m'manja mwa Henri Bourassa wa nyuzipepala ya Le Devoir, yemwe ankatsutsa kwambiri usilikali wokakamiza. Mwina zonse ziwiri n'zoona, ndipo mantha oterewa sanali opusa.

Chisankho cha pa 17 Disembala chinachita kukonzeredwa. Lamulo latsopano linapatsa voti akazi, amayi, alongo ndi ana aakazi a asilikali, n'kulanda voti anthu ochokera m'mayiko a adani amene analandira unzika pambuyo pa Malichi 1902. Borden anapeza mipando 153, Laurier 82, ndipo 62 mwa imeneyi inali ya ku Quebec. Pa Isitala ya 1918 asilikali anawombera anthu ochita zionetsero zotsutsa lamulo la usilikali wokakamiza, lomwe linali litakhazikitsidwa, mu mzinda wa Quebec, anayi n'kufa.

Laurier anamwalira ku Ottawa pa 17 Febuluwale 1919, akutsogolerabe chipani chong'ambika. Mwa amuna onse okakamizidwawo, amene anakafikadi kumalo omenyera nkhondo anali pafupifupi 24,000.