Mng'alu wa dzimbiri pafuleti ya ku South Beach sutsekedwa ndi penti

Sabata yathayi wandiyimbiranso wina, munthu wachitatu mwezi uno, funso lake lomwe lija: achimwene ndi penti yanji yabwino yobisa ming'alu ya pakhonde, landilodi wati ndigule adzachotsera pa lendi. Abale anga a ku Durban, makamaka inu okhala m'mafuleti a ku South Beach, Point, Albert Park ndi kutsika Mahatma Gandhi Road uko, ndatopa kuyankha mmodzimmodzi. Ine ntchito yanga ndi yokonza konkiriti ya nyumba zosanja, chaka cha 16 chino ndili pa sikafodi m'mbali mwa nyanja yomweyi, ndipo yankho langa silisintha, penti yoteroyo kulibe.

Vuto limayambira kumudzi. Ambirife tinakulira ku Mangochi, Nkhotakota, Nkhata Bay, ndiye timati za nyanja tikuzidziwa. Koma nyanja ya kwathu ija madzi ake timamwa, timaphikira nsima, malata a nyumba ya m'mphepete mwake amakhala zaka ndi zaka. Iyi ya kuno lita imodzi yokha muli mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo mcherewo sukhala m'madzi mokha ayi, mafunde akamaphulika umakwera ndi mphepo n'kumamata pa makoma usiku ndi usana. Tadutsitsani chala pa galasi la windo m'mawa mulawe. Taonani mabagala a pawindo, mahinji a chitseko, kunsi kwa filiji yomwe munagula chaka chatha. Chomwe chikudya filijiyo chikudyanso nyumba mukugonayo, kungoti cha m'nyumbacho chimadya mobisala.

Konkiriti anthu amaiyesa mwala, koma imamwa madzi pang'onopang'ono ngati njerwa. Mkati mwake muli zitsulo, ndipo zitsulozo ndi zimene zanyamula khonde lanu kuti lisagwe. Simenti ikakhala yatsopano imateteza chitsulo kuti chisachite dzimbiri, koma mchere ukalowa n'kufika pa chitsulo chitetezo chija chimatha. Apa ndiye mumvetsetse: dzimbiri limatupa, limafuna malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chomwe ladya, ndiye limakankha konkiriti kuchokera mkati mpaka iphulike. Mng'alu mukuuona panjawo ndi mapeto a nkhani imene inayamba zaka zambiri zapitazo. Nyumba zambiri za m'tauni muno ndi za m'ma 1960 ndi 1970, zina zakale kuposa apo, ndipo pena ndikaswa ndimapeza chitsulo chinangophimbidwa ndi konkiriti yopyapyala ngati chala, pomwe malo a mchere ngati ano ife timafuna mamilimita 50 kapena kuyandikira pamenepo.

Si mng'alu uliwonse woopsa, ina ndi ya pulasitala chabe, yopyapyala ngati tsitsi komanso yopita uku ndi uku. Woti mudandaule nawo ndi wowongoka, wotsatira mzere wa chitsulo, wotuluka madzi ofiirira ngati tiyi, kapena pamalo potupa ngati chithupsa. Tengani chogwirira cha sikuludiraiva mugogode pang'ono pambali pake. Konkiriti yabwino imalira ngwee, yolekana ndi chitsulo imalira phuphuphu ngati ng'oma yobooka. Musagogode cha pamwamba pa mutu wanu chonde, icho tisiyireni ife a zipewa zolimba zapantchito.

Pali mayi wina wa kwathu ku Mangochi amene nkhani yake imandisowetsabe tulo. Ankakhala pa nsanjika yachisanu cha ku South Beach, fuleti ya zipinda ziwiri koma mabanja atatu, agawana ndi mabolodi ndi makatani monga timachitira kuti lendi ipepuke. Ndinapitako Lamlungu kukapereka katundu wochokera kumudzi, iwo n'kundionetsa denga la khonde lawo, lomwe ndi pansi pa khonde la fuleti ya pamwamba. Panali mzere wa dzimbiri wautali ngati mkono, timiyala tating'ono tili mbwee pansi, akuti amasesa m'mawa uliwonse. Pakhonde pomwepo ndi pomwe ankayanika zovala, pomwepo ankasambitsira mwana m'beseni la pulasitiki chifukwa bafa limakhala ndi mzere. Ndinakwera pa mpando n'kukhudza ndi dzanja lokha, chibenthu chinagwedera. Ndinawauza kuti mayi pano musakhalenso, tsekani chitsekochi, uzani eni nyumba. Anauza woyang'anira nyumbayo, iye anabweretsa mnyamata wina wa kagalimoto ka bakkie yemwe anamata simenti ndi mchenga pamwamba pa dzimbiri lomwelo, n'kupaka penti yoyera, tsiku limodzi ntchito yatha. Panaoneka bwino kwambiri moti mayi aja anabwezera beseni pamalo pake. Patatha miyezi isanu ndi iwiri, mvula itagwa masiku angapo, chidutswa chachikulu ngati mtsamiro chinagwa. Mwanayo anali atangomutulutsa kumene m'madzi, chinapeza mayi ake ali chiweramire, phewa linathyoka pawiri. Ntchito yawo inali yochapa ndi kusita m'nyumba za anthu, mpaka lero mkono umenewo sukwera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ine ndinangoyankhula pakamwa. Ndikanalemba mizere itatu papepala, kujambula chithunzi, kuika deti, mwina eni nyumba akanaopa. Ndinkadziwa bwino lomwe chomwe chikubwera.

Amisiri omata awa ndi amene akupweteketsa anthu, ndipo ena ndi abale athu omwe, akufuna ya chakudya, ndikumvetsa, koma ntchito imeneyi si ya ganyu. Simenti yomata pa dzimbiri simagwira, imangowonjezera kulemera kwa chomwe chidzagwe, kenako penti imatsekera chinyezi mkati n'kubisa chizindikiro chokhacho chomwe chikanakuchenjezani. Kukonza kwenikweni timaswa konkiriti yonse yovunda mpaka kuseri kwa chitsulo, zala zizilowa kumbuyo kwake, timatsatira chitsulocho mpaka tipeze pomwe chili choyera, timachipala dzimbiri lonse, ngati chadyeka kwambiri injiniya ndi amene amanena kuti tiwonjezere china, kenako mankhwala, kenako simenti yake yapadera yokonzera, osati ya thumba wamba. Ndipo ngakhale titakonza bwino chonchi, pambali pa chigambacho dzimbiri limatha kuyamba msanga ngati mchere udakali mu konkiriti yakale, n'chifukwa chake khoma lonse limafuna kuyezedwa. Munthu akabwera ndi thilawo ndi ndowa basi, n'kunena kuti pofika madzulo watha, m'bwezeni. Winanso ndinamupeza akutapa mchenga wa kugombe kuti asagule. Ameneyo akuthira yekha mchere m'khoma.

Tsono ambiri mumati nanga ine wa lendi nditani, nyumba si yanga. Zoona si yanu, ndipo n'chifukwa chake simuyenera kugula penti ija. Mafuleti ambiri kuno fuleti iliyonse ili ndi mwini wake, koma makoma akunja, denga ndi mizati ndi za onse, zili m'manja mwa body corporate, lomwe ndi bungwe la eni mafuleti onse a m'nyumbamo. Lamulo la Sectional Titles Schemes Management Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2016, limawakakamiza kukhala ndi thumba la ndalama zokonzera komanso pulani ya zaka 10 ya kakonzedwe ka nyumba. Pomwe eni mafuleti asiya kulipira ma levy, ndalama zomwe amasonkha zosamalira nyumbayo, thumba limakhala lopanda kanthu, ndiye muona lifiti yafa, mapaipi akudontha m'makoma, madziwo akuthandiza mchere kufika pa zitsulo. Mukamafuna malo, musanapereke dipoziti, yang'anani m'mwamba kunsi kwa makonde, tsikirani kumalo oimika galimoto muone mizati. Zitsulo zikaonekera poyera ngati nthiti, kutchipa kwa lendiyo chifukwa chake n'chimenecho.

Ngati muli kale mkati, jambulani lero, ikani ndalama yachitsulo pambali pa mng'alu kuti kukula kwake kuoneke, tumizani kwa landilodi pa WhatsApp kapena imelo kuti deti ikhalepo, mujambulenso mwezi wamawa. Pemphani kuti aitane injiniya wolembetsedwa ku ECSA, bungwe lolembetsa mainjiniya ku South Africa kuno. Akakana kapena akangokhala chete, kuli Rental Housing Tribunal ya KwaZulu-Natal, bwalo lomva madandaulo a pakati pa a lendi ndi malandilodi, kudandaula kumeneko n'kwaulere, ndipo kumasipala ya eThekwini, yoyang'anira Durban, kuli oyendera nyumba. Musangosiya kulipira lendi panokha chifukwa mwakwiya, mumupatsa landilodi chifukwa chokusumirani. Ndikudziwa ambiri mumaopa kuti mukayankhula akuponyerani katundu panja, koma malamulo a dziko lino salola kuchotsa munthu m'nyumba popanda chilolezo cha khoti.

Kuchedwa ndiye kumene ndikuopa kwambiri. Ku Surfside, ku Florida m'dziko la America, nyumba yosanja ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Champlain Towers South inagwa usiku wa pa 24 June 2021, anthu 98 anafa, pomwe injiniya anali atalemba kale mu 2018 kuti konkiriti yawonongeka kwambiri, ntchito yaikulu yokonza inali isanachitike. Kuno kwathu chigwereni mvula ya April 2022 ija ndakhala ndikupeza makoma omwe anamwa madzi ndipo sanaumenso bwinobwino. Dzimbiri silidikira kuti body corporate ikhale pansi kapena kuti mwezi uthe, ndipo ntchito yomwe chaka chino ndi ya chigamba, pakapita zaka itha kukhala yogwetsa khonde lonse.

Pomwe mukudikira yankho la landilodi, chotsani beseni, chingwe choyanikira ndi mipando pakhondepo, khomani chitseko, kiyi muike poti ana sangafikire. Muuzenso wa pansi panu ndi amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu kunsi kwa khondelo kuti asunthe tebulo lawo.