Mkangano wa zimbale za Elvis Presley, anagulitsadi biliyoni?

Masapota a Elvis Presley ukawafunsa amangoti mfumu ya rock and roll inagulitsa zimbale zoposa 1 biliyoni basi nkhani yatha. Ena amati ayi, ndi cha m'ma 500 miliyoni. Ndiye pali bungwe la RIAA lomwe limatsimikizira malonda a nyimbo ku America, ilo zomwe linawerengera kwawoko n'zongopitirira 140 miliyoni. Manambala atatu munthu mmodzi, ndipo mkanganowu siwalero.

Vuto linayamba chifukwa mkuluyu anatchuka kuwerengera kusanayambe. Anayamba kujambula ku Sun Records kwa Sam Phillips ku Memphis mu 1954, kenako chakumapeto kwa 1955 kampani ya RCA inagula kontrakiti yake pa madola 35,000, ndalama zambiri zedi nthawi imeneyo. Chimbale chake choyamba chinatuluka mu March 1956 n'kukhala pa nambala wani pa Billboard, mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America, masabata 10. Koma RIAA inayamba kupereka mphoto ya gold mu 1958, ya platinum (makope 1 miliyoni) mu 1976 iye atatsala chaka chimodzi kuti amwalire, multi-platinum (makope 2 miliyoni kupita m'mwamba) mu 1984. Komanso gold ya chimbale poyamba ankayang'ana ndalama, madola 1 miliyoni, osati kuchuluka kwa zimbale. Makina a SoundScan owerengera chimbale chilichonse pa kauntala mu shopu anabwera mu 1991. Ndiye zaka zonse zija atsikana ankakomoka naye zija, owerengera anali a RCA eni ake, ndipo iwowa kukokomeza sankachita nako manyazi, mu 1959 anatulutsa chimbale chomwe dzina lake lenilenilo linali kudzitama kuti masapota 50,000,000 sangalakwitse, pachikuto atajambulapo ma Elvis ambirimbiri onse atavala suti yagolide.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti RIAA siyimangodzuka n'kukuwerengera ayi. Kampani yako ndiyo imapempha, kulipira, n'kubweretsa mabuku a malonda kuti awaunike. Ndipo amawerengera modumphadumpha, poti gold imayambira pa makope 500,000, chimbale chikagulidwa makope 499,000 kwa iwo ndi ziro, chikafika 900,000 amalembabe 500,000. Kwa woyimba wa zimbale 10 zimenezi sizipweteka kwenikweni, koma Elvis ali ndi zimbale mazanamazana, za m'mafilimu, zauzimu, za Khrisimasi, zotchipa za RCA Camden, zongosonkhanitsa nyimbo zakale, ndiye tizotsala timeneti ukatiphatikiza ndi mamiliyoni ongotayika.

Pamenepa m'pomwe pamalowa manijala wake Colonel Tom Parker, mkulu wokonda khobidi uja. Mu 1973 anagulitsa kwa RCA ufulu wolandira ndalama pa nyimbo zonse zomwe Elvis anali atajambula kufika nthawi imeneyo, pa madola 5.4 miliyoni, iye n'kutengapo gawo lake lalikulu. Kwa ine imeneyi ndi dilu yoipa kwambiri pa mbiri yonse ya mkuluyu, chifukwa nyimbo zomwe zinamutchukitsa zinapita zonse, ndipo poti panalibenso womulipira pa zimbale zakalezo, ndani akanalimbikira kuti mabuku azisungidwa bwino? Elvis atamwalira kunyumba kwake ku Graceland pa 16 August 1977 zimbale zinatha m'mashopu, fakitale ya RCA ku Indianapolis inkagwira ntchito usana ndi usiku koma osakwanitsabe, ndipo masapota amati malonda a miyezi imeneyo ndi omwe sanalembedwe mokwanira. Mu 1992 atafufuzanso mabuku akale, a RCA ndi RIAA anapereka mphoto 110 za gold ndi platinum nthawi imodzi, zomwe zikungoonetsa kuti zinthu zinangounjikana zaka zambiri popanda wozilabadira.

Kenako kunabwera Garth Brooks wa nyimbo za country. Iyeyu mwayi wake anatchuka nthawi ya ma CD, makompyuta akuwerengera kale, komanso lamulo la RIAA limati chimbale cha ma CD awiri chachitali bwino chiwerengedwe kawiri, ndiye Double Live yake ya 1998 aliyense wogula anali ngati wagula ziwiri. Mu 2004 RIAA inati Elvis ndiye woyimba payekha wogulitsa kwambiri ku America, mu 2007 inatembenuka n'kupereka ulemuwo kwa Brooks, masapota a Elvis mpaka pano sanakhululuke kkkk.

Ya biliyoni ija ine sindiivomera, imaphatikiza ma single ndi zimbale ndi zongoyerekeza za mayiko akunja, palibe malisiti ake. Koma ya RIAA nayonso ndi yochepa. Chodabwitsa n'chakuti chimbale chake chomwe chinafika diamond, makope 10 miliyoni ku America, si cha rock and roll n'komwe, ndi cha nyimbo za Khrisimasi chija cha 1957 chomwe Camden inatulutsanso motchipa mu 1970, ndipo satifiketi yake inabwera mu 2011.