Ayuda opembedza nawonso amaimba rock

Anthu ambiri amaganiza kuti Ayuda osunga chipembedzo chawo amadana ndi zida zoimbira, ndipo kuti rock yotamanda Mulungu ndi ya Akhristu okha. Sizoona ayi.

Gwero la maganizowa ndi Sabata. Ayuda a Orthodox, omwe amatsatira kwambiri malamulo a chipembedzo chawo, saimba chida chilichonse kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka usiku. Arabi akale, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, adaletsa poopa kuti chida chikawonongeka munthu angayambe kuchikonza, pomwe kukonza ndi ntchito. Lamuloli limakhudza Sabata ndi masiku a zikondwerero zopatulika, gitala payokha ilibe mlandu.

Mu 1975, ku Jerusalem, Avraham Rosenblum ndi anzake ophunzira Torah (malamulo a Mose) adayambitsa Diaspora Yeshiva Band. Ambiri mwa iwo adakulira ku America, choncho adatenga rock ndi bluegrass (mtundu wa nyimbo za kumidzi ya ku America) n'kuikamo mawu a Chiheberi a m'Masalimo ndi m'mapemphero. Sabata likangotha ankaimba pa phiri la Ziyoni, pamalo omwe amati ndi manda a Mfumu Davide, achinyamata akuvina. Kwa ine, kumeneku kudali kupembedza kwenikweni.

Pambuyo pake kudabwera Moshav, gulu la anyamata okulira ku Mevo Modi'im ku Israel, mudzi wa rabi woimba Shlomo Carlebach, lomwe lidakakhazikika ku Los Angeles.