Musamatiitane Lachisanu madzulo

Pafupifupi sabata iliyonse foni imalira Lachisanu dzuwa litapendeka: "Achimwene, mawa tili ndi ukwati, mubwere ndi masipika." Keke anaitanitsa miyezi itatu yapitayo, madiresi anasokedwa kalekale, koma zokuzira mawu azikumbukira lero. Ndatopa nazo.

Ine sinditchula mtengo ndisanakaone malo. Holo ya makoma a simenti ndi denga la malata imabweza mawu, ndiye mukamawonjezera voliyumu a kumbuyo amangomva chiphokoso. Panja mawu amangouluka. Ngati mipando yafika mamita 40 kuchokera kutsogolo, pakati pamafunika masipika ena, ndipo amenewa timawachedwetsa pang'ono chifukwa mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Kupanda kutero, mlendo wa kumbuyo amamva abusa akulankhula kawiri. Izi sizikonzedwa mkwatibwi ali kale m'galimoto.

Koma chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ukwati wina wa ku Lilongwe. Komiti inandilonjeza jenereta. Nditafika ndinapeza kajenereta ka 2.5 kVA, kamene mphamvu yake sipitirira mawati 2,500, amayi a kukhitchini atalumikizako kale ketulo ndi firiji ya zakumwa. Ketulo yokha imadya mawati pafupifupi 2,000, nanga ampu yanga, chipangizo chopatsa masipika mphamvu, idya chiyani? Ndinadandaula kwa apampando, iwo n'kundigwira paphewa: "Magetsi sazima lero, musadandaule." Ndinagonja, ndipo pamenepo ndinalakwa ndine. Perekaniperekani atangoyamba, akuchimuna ali pamzere ndalama zili m'manja, magetsi anathima. Tinaliza jenereta, linatsokomola kawiri, ampu n'kuzima. MC anakuwa mpaka kusasa mawu. Popanda nyimbo palibe amavina, ndipo wosavina safupa. Anthu anabwerera m'mipando ndalama zawo zili m'matumba, mkwatibwi atangozolika. Kuchokera tsiku limenelo, zipangizo zanga zimakhala ndi jenereta lakelake, kukhitchini kwawo.

Tsono pali anyamata amene akugula masipika awiri n'kudzitcha mainjiniya. Sipika ikamang'ung'udza, iwo amadula waya wa earth kuti phokoso lithe. Limathadi, koma waya umenewo ndi umene umateteza munthu chipangizo chikawonongeka. Maikolofoni ya waya ikhoza kugwira woimba magetsi pamilomo, makamaka nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pansi pali chinyezi ndipo nthambo zangoyalidwa pa udzu. Mukaona munthu akusomeka mawaya opanda pulagi m'soketi n'kuwatsina ndi timitengo ta machesi, mubwezeni kwawo, ngakhale atakhala mphwanu.

Za pulojekita masana m'tenti yoyera musavutike nazo, zithunzi sizioneka. Lipirani sikirini ya LED, yowala yokha ngati TV, apo ayi zithunzizo zidikire mdima. Ndipo mundiuze pasadakhale kuti kwaya ili ndi anthu angati, chifukwa maikolofoni awiri sakwanira anthu 30.