Bomba la m'filimu silingang'ambe dziko, koma kachitsulo ka ku sikirapu kangaphe mwana

Funsoli silitha mu Lilongwe muno: kodi bomba limodzi la nyukiliya lingang'ambe dziko pakati ngati m'mafilimu? Ayi. Lalikulu kuposa onse, Tsar Bomba, a Soviet Union analiphulitsa ku Novaya Zemlya mu 1961. Linkalemera matani 27, ndipo mphamvu yake inaposa ya la ku Hiroshima maulendo 3,000. Chimwala chomwe chinagwa kuchokera kumwamba zaka 66 miliyoni zapitazo chinali ndi mphamvu ya mabomba otere oposa 100,000, koma dziko lilipobe.

Ena amati miyala ya ku mgodi wa uranium wa Kayelekera ingaphulike. Mu uranium wochokera m'mgodi, mtundu wofunika pa bomba, wotchedwa U-235, umakhala 0.7 peresenti yokha, pomwe bomba limafuna pafupifupi 90. Kuti afike pamenepo pamafunika makina ambirimbiri ozungulira mwaliwiro olekanitsira U-235 (centrifuge), ntchito ya boma lathunthu.

Nthano zimenezi akudyerapo ndi akathyali. Amanena kuti m'makina osokera akale muli "red mercury" yopangira mabomba. Chinthu chimenecho kulibe! Musapereke ndalama. Akakupatsani mercury weniweni wothira utoto, nthunzi yake imawononga ubongo ndi impso.

Chondisowetsa mtendere n'chomwe chinachitika ku Goiânia, ku Brazil, mu September 1987. Anthu awiri anatola chitsulo m'chipatala cha khansa chosiyidwa, n'kuchiboola, n'kuchigulitsa kwa wa sikirapu. M'kati munali ufa wa caesium-137, wotulutsa cheza choopsa (radiation), wowala mtundu wa buluu mumdima. Achibale anagawana, ena kudzola pakhungu. Atayamba kusanza ndi kutuluka matuza, ankayesa kuti adya zoipa. Panadutsa masabata awiri zoona zisanadziwike. Anthu 112,000 anapimidwa, 249 anapezeka ndi ufawo, anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka zisanu ndi chimodzi komwe kanadya ndi manja a ufa. Palibe chomwe chinaphulika.

Inu ogula ndi kudula zitsulo, mukaona chitsulo chaching'ono koma cholemera modabwitsa, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu pachikasu, musachidule, musachinyamule, musachiike m'thumba. Talikirani: mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chimachepa kanayi. Chotsani ana, dziwitsani apolisi ndi a Atomic Energy Regulatory Authority, bungwe la boma loyang'anira zinthu zotulutsa cheza. Ngati munachigwira, vulani zovala, mumange m'pulasitiki, sambani ndi sopo osakhula khungu, mupite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale musakumva kalikonse. Dokotala mumuuze chomwe munagwira, chifukwa zizindikiro zoyamba zimafanana ndi za m'mimba wamba.